Sienta ya 2008 yosinthidwa injini, miyezi 8 ili mmanja mwanga

Ndinagula Toyota Sienta ya 2008 kwa bambo wina wake ku Area 25 ku Lilongwe, pa dashboard ikuwerenga 243,000 km, ndipo bamboyo sanabise ayi, anandiuza pompo kuti injini yoyamba inanoka ndiye anaikamo ina ya ku Japan, zija zimabwera pa half cut (galimoto yodulidwa pakati) timakazigula ku Biwi zija. Abale kunyumba atangomva zoti injini inasinthidwa anati aa usayerekeze, ukutaya ndalama. Ine ndinagulabe ndipo pano patha miyezi 8 ndikuiyendetsa tsiku ndi tsiku.

Injiniyo payokha ndilibe nayo dandaulo olo pang'ono. Ndi 1NZ-FE ya 1.5, yomweyi ili mu Probox, Ractis ndi ma Corolla ambirimbiri mumsewumu, imayendera timing chain osati lamba, ma sipeya ake ali paliponse ndipo makaniko aliyense amaidziwa. Tsiku lokaiona ndinatenga makaniko wanga mmamawa kwambiri galimoto isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa zambiri. Tinailiza ili yozizira, sinatulutse utsi wa buluu, tinatsegula kapu ya oyilo kuona ngati muli zoyera zija ngati phala zosonyeza kuti madzi akulowa, munalibe, compression ma silinda onse 4 inali yofanana. Ndakwera nayo Khwekhwerere kuchokera ku Golomoti tili 7 mkatimo ndi katundu, inakwera bwinobwino, oyilo sikudya.

Koma apa ndi pomwe ndikufuna mumvetse anzanga, asintha injini yokha basi, zina zonsezo zayenda ma kilomita 243,000 omwewo. Ogulitsa amakonda kunena kuti "injini ndi nyuwani bwana" ngati galimoto yonse yabadwanso, pomwe giyabokosi ndi yomwe ija, mashoko omwe aja, mabushi, ma bearing, waya yense ndi wa 2008. Komanso yomwe akuitchula nyuwaniyo si nyuwani, inayendapo kale ku Japan, ndipo ma kilomita amawerengedwa ndi mita ya galimoto osati injini, ndiye akakuuzani kuti yangoyenda 70,000 popanda pepala lililonse amenewo ndi mau chabe.

Mwezi oyamba omwe inayamba kunjenjemera ponyamuka pa ma roboti. Sienta imeneyi ndi ya CVT (mtundu wa giyabokosi ya otomatiki), titatsitsa mafuta a mu giyabokosi anali bii ngati makala, zikuoneka kuti chibwerereni ku Malawi kuno sanasinthidwepo. Tinaikamo Toyota CVT Fluid TC, chonde musalole munthu akuthirireni ATF wamba (mafuta a magiyabokosi ena a otomatiki) mu CVT mudzalira, ndipo kunjenjemera kuja kunachepa kwambiri ngakhale sikunatheretu. Kenako CV joint yakumanja (joini ya shafti yozunguza tayala lakutsogolo) inayamba tekete tekete pokhota, ma mounting awiri a injini anali oduka, osintha injini aja anangobwezera akale omwewo poika injini inayo, zimenezi zinandipweteka mtima chifukwa injini ili panja kale kusintha mounting ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Chomwe chinandiopsa zedi ndi ichi. Tikupita ku Dedza kalaiti kofiira ka temperature kanayaka tili cha pa Linthipe, ndinaima pompo nkuzimitsa. Radiator inali yotsekeka ndi dzimbiri, mmenemo amangothiramo madzi a pa mpopi opanda coolant, fan nayo imazungulira ikafuna. Ndiye kuti chomwe chinapha injini yoyamba ija chinali chikadali momwemo kudikira yachiwiriyi. Ndikanangoti ndifike kaye pa boma gasiketi ikanapsa. Munthu akakuuzani kuti ndinasintha injini funso loyamba likhale loti yoyambayo inafa ndi chani, ngati inawira ndiye onani radiator, water pump, thermostat ndi fan musanapereke olo kwacha imodzi. Ine ndinagula radiator ina ndi thermostat, kuyambira pamenepo kalaiti kaja sikanayakenso.

Za mapepala nazo zinandidyera nthawi. Nambala ya injini imadindidwa pa block ndipo imalembedwanso mu blue book, ndiye injini ikasinthidwa manambala awiriwa amasiyana, bambo uja sanapite ku Road Traffic kukasinthitsa. Pofuna kusintha umwini ndi police clearance nkhani inali pa risiti yosonyeza komwe injini inagulidwa, zomwe nzomveka chifukwa ma injini obedwa aliko. Ndinayenda maulendo atatu ku Area 25 kuti apeze risitiyo, ma dobadoba akundizungulira kuti bwana tikupangirani zachidule, ndinakana, ndimafuna zonse zikhale zolongosoka mu dzina langa. Risiti inapezeka ndipo zinatheka.

Ndingaguleso? Eya, koma mtengo ndikanautsitsa kwambiri ndikanadziwa za radiator ndi CVT, ndipo ndalama yonse sindikanapereka blue book isanakonzedwe. Pa 10 ndikuipatsa 7, ana ikuwasiya ku sukulu, mafuta sikumwa kwambiri, kumudzi ku Ntcheu ndikufika nayo. Mashoko akumbuyo ndi amene atsala, akugogoda pa ma hampu, ndisintha mwezi uno ukatha.