Bentonite wa "sodium activated" wa m'mashopu a ku Germiston: amatupa bwino, koma madzi a dolomite amamufooketsa

M'mashopu ogulitsa zipangizo zoboolera mijigo cha ku Germiston ndi Boksburg, ku South Africa, mumapezeka bentonite, dongo laufa limene amasakaniza ndi madzi kupanga matope omata khoma la dzenje poboola mjigo, wa m'matumba a makilogalamu 25 olembedwa kuti "sodium activated". Musamuyese wa ku Wyoming, ku America, amene amatuluka pansi ali kale ndi sodium. Uyu ndi dongo la calcium ndi magnesium, ngati lokumbidwa ku Koppies ku Free State, limene kufakitale amalithira soda ash (ufa wa sodium carbonate), magalamu 20 mpaka 40 pa kilogalamu iliyonse, asanaliumitse ndi kulipera. Sodium amachotsa calcium pakati pa tizigawo topyapyala ta dongolo, madzi n'kupeza polowera, dongo n'kutupa.

Kutupa amatupadi, ndipo pa ntchito ya mumchenga kapena dothi logumuka ndi wokwanira. Thumba lililonse mukhoza kuliyesa nokha: magalamu 2 a ufa muziwaza pang'onopang'ono m'madzi oyera okwana mamililita 100 m'botolo loyezera lokhala ndi mizere ya mamililita, musiye maola 24. Wabwino amatupa mpaka kufika pafupi ndi mzere wa 24. Akatsalira cha pa 10, mwagula dongo wamba.

Vuto lake n'lakuti sodium wakeyo ndi wobwereka, ndipo madzi a calcium wambiri amamulanda. Ku Lenasia, Westonaria, Carletonville ndi Centurion pansi pali dolomite, mwala wa calcium ndi magnesium, choncho madzi a m'mijigo ya kumeneko amakhala ndi calcium ndi magnesium wochuluka. Mukathira bentonite m'madzi otero, matope amaoneka olimba poyamba, koma mukazimitsa pampu dongo limakhala pansi, pamwamba n'kuyandama madzi oyera. M'dzenjemo khoma limamatidwa ndi dongo lochindikala lofewa, madzi amathawira m'nthaka, mchenga n'kugumukira pa mapaipi. Ambiri apa amawonjezera matumba, ndalama n'kumangopita, pomwe cholakwa chili m'madzi.

Yambani ndi kuthira soda ash m'madzi, theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa malita 1,000, ndipo muyeze ndi kapepala ka pH (muyeso wa asidi m'madzi) mpaka ifike pakati pa 8.5 ndi 9.5. Tikunena sodium carbonate, osati soda wa m'therere uja. Ameneyo sakweza pH mokwanira. Musapyoze muyeso, chifukwa soda ash akachuluka matope amagwirana ngati chambiko ndipo pampu imavutika. Madzi a pafupi ndi migodi yakale ya golide nthawi zina amakhala a asidi, ndipo ndi bwino kungobweretsa ena pa thanki.

Kenako bentonite, makilogalamu 30 mpaka 50 pa malita 1,000, kudzera pa hopa (fanulo yothirira ufa m'madzi), pampu ikuzungulitsa madzi. Mukakhuthula thumba lonse kamodzi mupanga mibulu ngati ya phala la wophunzira kuphika, kunja konyowa, mkati ufa wouma, ndipo siisungunukanso. Mupatseni mphindi zosachepera 30 kuti amwe madzi. Polima, mankhwala owonjezera kulimba kwa matope, amabwera pomaliza. Akatsogola amakuta dongo lisanatupe.

Pa fanulo ya Marsh, yoyezera kulimba kwa matope, madzi okha amatenga masekondi 26 kudzaza mamililita 946. Matope a mumchenga wamba azitenga 35 mpaka 45, a m'miyala ing'onoing'ono kupitirira pamenepo. Koma mukaboola mphako ya dolomite matope n'kuzimiririka, bentonite sangatseke mphakoyo ngakhale mumulimbitse chotani; pamenepo pafunika kutsitsa casing, mapaipi otchingira khoma la dzenje.

Chodandaulitsa n'chakuti matumba ena sanena kalikonse za kuyeza madzi, ndipo wogulitsa sakumbutsa za soda ash pokhapokha mutafunsa. Pemphaninso pepala losonyeza ngati bentonite wakeyo akukwaniritsa API 13A, muyezo wa zinthu zopangira matope oboolera. Pogula, dinani thumba ndi chala: likakhala ndi zibuma mkati, lanyowapo m'nyumba yosungira, makamaka miyezi ya mvula ya October mpaka March, ndipo sankhani lina la pakati pa mulu, lomwe silinakhudze simenti ya pansi.