Mita yoyezera kuvunduka kwa madzi ndi yabwino, koma wogulitsa anatikhumudwitsa

Bungwe lathu loyendetsa madzi a m'mipope ochokera m'phiri linagula mita yam'manja imeneyi kusitolo ina ya zipangizo za labotale mumzinda wa Blantyre. Mtengo wake ndi uja wa katundu woitanitsa ndi ndalama zakunja, koma tinalolera chifukwa chubu chathu chakale choyezera madzi ndi maso sichiwerenga kuvunduka kochepera 5 NTU (NTU ndi muyezo wa kuvunduka kwa madzi).

Mvula yoyamba itagwa, mita inayamba kuonetsa 8 NTU pa madzi otuluka m'sefa ya mchenga, ngakhale kuti m'botolo ankaoneka oyera mbee. Popeza klorini sapha bwino tizilombo tobisala m'tizidutswa ta dothi, tinatseka mipope, anyamata n'kupala mchenga wapamwamba pa sefa, ndipo amayi a m'midzi anabwerera kumtsinje pa nyengo yomwe kolera amavuta. Katswiri wa zamadzi atayeza ndi mita yake anapeza kuti madziwo analibe vuto, kenako anatisonyeza deti la pa timabotolo tobwera ndi mitayo ta formazin, mankhwala okhazikitsira muyezo wa mita: timabotoloto tinali titatha ntchito kalekale ife tisanagule. Nditabwerera kusitolo, bambo wogulitsayo anandiyankha ali pafoni kuti katundu akatuluka pakhomo sabwezedwa, n'kundiuza mtengo wa timabotolo tatsopano ngati kuti akundichitira chifundo. Munthu wogulitsa zipangizo zoteteza miyoyo sayenera kuyankha motero, ndipo lisiti ndinali nalo m'manja.

Chipangizocho pachokha sindingachinyoze. Titapeza timabotolo tabwino kwina, chakhala chikupereka manambala osasinthasintha, malinga kabotolo koyezera katsukidwa ndi kupukutidwa, chifukwa chimayeza kuwala komwazika ndi tizidutswa, choncho chidindo cha chala kapena thovu laling'ono chimaliwerenga ngati dothi. Ubwino wake tinauona pamene nambala inakwera kuchoka pa 0.6 kufika pa 3 NTU madzi akuonekabe oyera, ndipo titafufuza tinapeza kuti madzi anaboola njira m'mbali mwa sefa n'kumadutsa osasefedwa. Maso akanatinamiza, chubu chakale chikanakhala chete, pamene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti madzi othiridwa klorini akhale pansi pa 1 NTU ngati n'kotheka.

Mabatire ake amakhalitsa, koma kabuku ka malangizo kali ndi zilembo zazing'ono kwambiri. Ndikupereka nyenyezi zitatu, ndipo amene mukufuna kugula muyambe mwatsegula bokosi n'kuwerenga deti la pa timabotolo musanalipire, wogulitsayo akuona.