Bass shaker pansi pa sofa: zomwe ndaona patapita miyezi

Bass shaker, yomwe ena amaitcha tactile transducer, mkati mwake ndi yofanana ndi sipika: muli waya wokulungidwa ndi maginito. Kusiyana kwake n'kwakuti siikankha mpweya. Imagwedeza kachitsulo kolemera, ndipo kunjenjemerako kumalowa m'thabwa lomwe mwaimangirirapo, kenako m'thupi mwanu. Yanga ndi ya 4 ohm, mphamvu yake mawati 50, ili ndi ampulifaya (chipangizo chokulitsa mphamvu ya mawu) yakeyake, ndipo yakhala pansi pa sofa kwa miyezi yambiri tsopano.

Chomwe ndingakuuzeni lero n'chakuti kukoma kwa kachipangizoka kuli pa kukachepetsa mphamvu. Masabata oyamba munthu amafuna sofa yonse izichita kudumpha bomba likaphulika m'filimu. Zimenezo zimatopetsa msanga. Panopa ndinatsitsa kwambiri moti mlendo akakhala sadziwa n'komwe kuti pansi pali chinthu, amangodabwa kuti bingu lamveka pachifuwa.

Fyuluta ya low-pass, yomwe imalola mawu okhuthala okha kufika ku shaker n'kutsekereza ena onse, ndiye mwini nkhani. Khutu la munthu limayamba kumva pa 20 Hz (Hz ndi muyezo wa kunjenjemera kwa mawu pa sekondi: nambala ikachepa, mawu amakhala okhuthala), ndipo mawu a mwamuna polankhula amayambira cha m'ma 85 Hz. Tchanelo ya LFE, yomwe imanyamula mawu okhuthala kwambiri a m'filimu (ija ya ".1" m'dongosolo la masipika la 5.1), imafika pa 120 Hz. Mukalola shaker kulandira zonse mpaka pamenepo kuchokera ku masipika akutsogolo, wosewera m'filimu akangoyankhula msana wanu umayamba kuchita nyerenyesi, ndipo zimenezi n'zosasangalatsa m'pang'ono pomwe. Ine fyulutayo ndinaiika pa 60 Hz. Mabingu, injini ndi ng'oma yaikulu zimadutsa, mawu a anthu amatsala.

Zina zimaoneka pakapita nthawi. Mabawuti amakhwefuka pang'onopang'ono chifukwa cha kunjenjemera komweko, ndipo mumayamba kumva kaphokoso ka gwedegwede komwe poyamba kunalibe. Kuwamanganso kumathetsa vutolo, koma muziwayendera. Thabwa lomangapo likhale lolimba, la fulemu yeniyeni ya mpando, osati kapulayiwudi kopyapyala. Pansi pa miyendo ya sofa ndinaikapo mphira wokhuthala. Popanda mphirayo mphamvu yambiri imathawira pansi, ndipo ngati nyumba ndi yosanja, okhala m'munsi amaimva. Shaker imatenthanso filimu ikatalika, choncho musaitsekere mpweya ndi nsalu.

Pa nyimbo sindinakhutire kwenikweni. Ng'oma imamveka bwino, n'chifukwa chake oimba ng'oma ena amamangirira shaker pampando wawo kuti azimva kugunda ali pa siteji, koma gitala ya besi ikamalira mosalekeza thupi limatopa. Shaker siilowanso m'malo mwa subwoofer, sipika ya mawu okhuthala, poti chipinda sichidzaza ndi mawu.

Pomwe ndaikondera zedi ndi usiku. Ndimavala mahedifoni, ena onse ali m'tulo, koma filimu imakhala ndi kulemera kwake konse. Ngati mumakonda kuonera mafilimu mochedwa ndipo muli ndi mpando wa fulemu yolimba, iguleni, ndipo pa bajeti muwerengerenso ampulifaya ndi mphira.