LCD kapena plasma: yoika pabalaza ndi iti?

Kumafakitale mkangano wa ma TV a LCD ndi a plasma unatha kalekale, koma m'nyumba za anthu udakalipo. Pioneer, yomwe plasma yake ya Kuro anthu okonda mafilimu amaitamabe mpaka lero, inalengeza mu 2009 kuti ikusiya kupanga ma TV. Panasonic inasiya plasma kumapeto kwa 2013, Samsung ndi LG n'kutsatira mu 2014. Ndiye amene akusankha lero sakuyerekeza zinthu ziwiri zatsopano zomwe zaikidwa pa shelefu imodzi. Mbali ino kuli LCD yongotuluka kumene m'katoni, mbali inayo kuli plasma yomwe yakhala zaka zoposa khumi m'nyumba mwa munthu wina. Palinso ena omwe plasma ali nayo kale, ikugwira ntchito bwinobwino, ndipo akudzifunsa ngati nthawi yoichotsa yakwana.

Ubwino ndi zovuta za ziwirizi zimachokera pa chinthu chimodzi, mmene chithunzi chimapangidwira. Mu plasma, pakati pa magalasi awiri pali tizipinda ting'onoting'ono mamiliyoni, todzaza mpweya wa neon ndi xenon. Magetsi akadutsa, mpweyawo umatulutsa kuwala kwa ultraviolet komwe maso sakuona, kuwalako kumamenya mankhwala a phosphor opakidwa m'kati mwa kachipinda kalikonse, ndipo mankhwalawo amayaka mofiira, mobiriwira kapena mwa buluu. Kadontho kalikonse ka chithunzi ndi nyale pakokha. Nzeruyi si yatsopano ayi: Donald Bitzer ndi Gene Slottow anaiyambitsa pa University of Illinois mu 1964, ngakhale kuti plasma ya mainchesi 42 yoika m'nyumba inadzafika pamsika cha m'ma 1997.

LCD payokha siwala. Kumbuyo kwa sikirini kuli nyale, kutsogolo kuli timadontho ta liquid crystal tomwe timatseka ndi kutsegula ngati makatani, n'kumalola kuwala kudutsa pa tizisefa ta mitundu itatu ija. Nyale zoyamba zinali timachubu toonda totchedwa CCFL, kenako cha m'ma 2009 makampani anasamukira ku ma LED. Apa pamasokonekera anthu ambiri. TV yolembedwa kuti LED pa katoni ndi LCD yomweyo, chasintha ndi nyale ya kumbuyo basi. QLED nayonso ndi LCD. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi si LCD, ndi LED", mungomwetulira.

Tsopano zimitsani magetsi pabalaza, muike filimu yomwe nkhani yake ikuchitika usiku. Apa mpomwe plasma imadziwika kuti ndi plasma. Pamalo pofunika mdima, tizipinda tija timangotsala pang'ono kuzimiratu, ndipo mdimawo umakhala mdima ndithu, moti khwinya la jekete yakuda kapena nkhope ya munthu woima pamthunzi zimaoneka. Katani la LCD silitseka kuwala konse. Nyale ya kumbuyo imadontherabe, chakuda chimaoneka chotuwa ngati phulusa, ndipo pa ma LCD otsika mtengo omwe nyale zake zili m'mphepete mumaona zigamba zowala m'makona ngati mitambo. Opanga ayesetsa kuthana nalo vutoli pogawa nyale ya kumbuyo m'zigawo zomwe zimazima pazokha, ndipo ma LCD apamwamba a masiku ano, omwe ali ndi zigawo mazanamazana, afika patali. Komabe yang'anitsitsani mawu oyera olembedwa m'munsi mwa filimu, pamalo pakuda: nthawi zambiri amazunguliridwa ndi kankhungu kowala. Plasma ilibe zimenezo. Zoti plasma imapereka mdima wathunthu n'zokokomeza, chifukwa tizipindato timasungidwa tikunyeka pang'ono kuti tiyake msanga tikafunika, koma ma Kuro ndi ma Panasonic omaliza anachepetsa kunyekako mpaka diso kuvutika kukuona.

Nkhani ina ndi ya amene wakhala pampando wa pambali. Plasma mukaionera chapakati kapena chakumbali, mitundu imakhala yomweyo. LCD zimatengera mtundu wa sikirini yake, ndipo mitundu ikuluikulu ilipo iwiri. Ya VA imapereka mdima wabwinopo koma mukangosuntha pang'ono kuchoka pakati, mitundu imafwifwa. Ya IPS imapirira kuonera chakumbali, koma mdima wake ndi wotuwa kwambiri. Ndiye pa LCD mumasankha chimodzi n'kutaya china, pomwe plasma inkapereka zonse ziwiri. Ngati pabalaza panu mipando imazungulira ndipo mumaonera muli ambiri, mfundoyi ndi yaikulu kuposa mmene imamvekera.

Okonda mpira nawonso ali ndi chifukwa chokondera plasma. LCD imagwira chithunzi chilichonse chili chiimire mpaka chotsatira chifike, pomwe diso lanu likutsatira mpira womwe ukuyenda, ndipo zotsatira zake n'zakuti mpira ndi nambala ya pamsana pa wosewera zimaoneka zopakika. Plasma imaphethira mofulumira kwambiri, choncho zoyenda zimaoneka zakuthwa. Koma nambala ya 600Hz yomwe inkalembedwa pa makatoni a plasma isakunamizeni. Sikutanthauza zithunzi 600 pa sekondi imodzi, imangonena kuchuluka kwa kuphethira komwe TV imagwiritsa ntchito pomanga chithunzi chilichonse. Ndipo pali anthu ena omwe maso awo amakuona kuphethirako, kapena amaona kamchira kobiriwira kumbuyo kwa chinthu chowala chikamathamanga, popeza phosphor wobiriwira amachedwa kuzima poyerekeza ndi wa buluu. Ngati muli m'gulu limenelo, plasma idzakutopetsani ngakhale ena aitame bwanji.

Mpaka apa plasma ikuoneka ngati yapambana. Tsegulani makatani a pazenera masana, nkhani isintha. Plasma siwala kwambiri, ndipo chithunzi chikakhala choyera paliponse, monga mitambo ya masana kapena tsamba la pa intaneti, imadzichepetsa yokha kuwala kuti isadye magetsi mopitirira muyeso. Galasi lake la kutsogolo limabweza zenera, nyale ya padenga, ngakhale nkhope yanu yomwe. Mdima wokongola uja umasanduka wotuwa dzuwa likangolowa m'nyumba. LCD yokhala ndi ma LED imalimbana ndi dzuwa mosavuta. Ine ndimakhulupirira kuti china chomwe chinapha plasma ndi chomwechi: m'masitolo mumakhala mowala kwambiri, ndipo wogula akaona ziwirizi zili pamodzi pansi pa nyale zamphamvu, diso limathamangira yowala. Ubwino wa plasma unkaonekera kunyumba usiku, munthu atagula kale inayo.

Pa magetsi palibe mpikisano. Plasma ya mainchesi 50 imatha kudya mawati oposa 200 chithunzi chikakhala chowala, pomwe LCD ya ma LED ya msinkhu womwewo nthawi zambiri sifika 100. Kadyedwe ka plasma kamakwera ndi kutsika malinga ndi zomwe zikuonetsedwa, filimu yamdima imadya pang'ono, mpira wa masana umadya kwambiri. Magetsi onsewo amasanduka kutentha, ndipo mukaika dzanja pamwamba pa plasma yomwe yayaka maola awiri mumva. Amene amadalira sola ndi batire asaiganizire n'komwe plasma. Kulemera nakonso kulipo: magalasi awiri okhuthala aja amachititsa kuti ilemere kawiri kapena kuposa LCD ya msinkhu wofanana, ndiye khoma ndi chitsulo choikolekera zikhale zolimba.

Vuto lomwe linaipitsa mbiri ya plasma ndi la chithunzi chokakamira. Phosphor amakalamba malinga ndi mmene wayakira. Chizindikiro cha tchanelo chomwe chimakhala pakona tsiku lonse, kabokosi koonetsa zigoli, kapena mzere wa nkhani woyenda m'munsi, zimatha kusiya chithunzithunzi chake pa sikirini. Nthawi zambiri chimachoka pakapita mphindi kapena maola angapo mukuonera zina, koma chikakhazikika ndiye basi, palibe wokonza angachichotse. Ma plasma omaliza anali ndi njira zochepetsera vutoli, monga kusuntha chithunzi pang'onopang'ono mosaonekera, ndipo mantha a anthu anaposa vuto lenileni. Ngakhale zili choncho, TV yoti izikhala pa tchanelo cha nkhani kuyambira m'mawa mpaka usiku, kapena yolumikiza ku kompyuta, ikhale LCD.

Tina ndi ting'onoting'ono koma n'tofunika kutidziwa. Plasma imalira pang'ono ngati njuchi, makamaka chithunzi chikawala, ndipo kumalo okwera kuposa mamita 2,000 kulirako kumakula chifukwa mpweya wa kumeneko ndi wopepuka. Imasokonezanso mawailesi a AM omwe ali pafupi. Plasma yaing'ono ndi yosowa, zambiri zinkayambira mainchesi 42, ndiye ya kuchipinda chogona kapena kukhitchini ndi LCD basi. Pa kukula ndiye panalibe malire enieni, Panasonic inafika poonetsa ya mainchesi 152 mu 2010. Chenjeraninso ndi ma plasma otsika mtengo a mainchesi 42, ambiri anali ndi timadontho 1024 chopingasa ndi 768 choimirira chabe, osati 1920 ndi 1080. Kupanikiza tizipinda tambiri kuti chithunzi chifike pa 4K, kutanthauza timadontho tochuluka kanayi kuposa 1920 ndi 1080, kunali kovuta komanso kodya magetsi, ndipo apa mpomwe plasma inathera ulendo. Mu plasma ya m'nyumba musayembekezere 4K kapena HDR (njira yokulitsa kusiyana kwa malo owala ndi amdima pa chithunzi), ndipo mapulogalamu a pa intaneti omwe inabwera nawo ambiri anasiya kugwira ntchito, koma vuto la mapulogalamuli kachipangizo koonera za pa intaneti, kolowetsa pa kabowo ka HDMI pa TV, kamathetsa.

Maganizo anga ndi awa. Amene akugula TV imodzi ya banja lonse, yoyaka masana ndi usiku, ana akuonera makatuni, akulu akuonera nkhani, agule LCD yatsopano, ndipo ndalama zikalola asankhe yomwe nyale yake ya kumbuyo imazima m'zigawo. Amene ali kale ndi plasma yabwino ya 1080 ndipo amaonera kwambiri madzulo, asafulumire kuitaya. LCD yotsika mtengo, ngakhale ilembedwe 4K ndi zilembo zikuluzikulu, ikhoza kumukhumudwitsa usiku woyamba womwe. Cholowa m'malo mwa plasma chenicheni ndi mtundu wina wa TV wotchedwa OLED, yomwe LG inayamba kugulitsa ya mainchesi 55 mu 2013, chifukwa nayonso kadontho kalikonse kamayaka pakokha, ngakhale kuti inatengeranso matenda a chithunzi chokakamira.

Kugula plasma yogwiritsidwapo kale ntchito ndi kwa munthu amene akudziwa chimene akufuna. Musagule musanaione ikuyaka. Ikani chithunzi chotuwa kapena choyera sikirini yonse, muyang'ane ngati pali chizindikiro cha tchanelo chomwe chinakakamira, mizere yoimirira, kapena timadontho tofiira tothwanima. Isiyeni iyake kwa mphindi 30, chifukwa zovuta zina zimaonekera ikatentha, ndipo mutsitse mawu kuti mumve kulira kwake. Mufunsenso ngati inakonzedwapo. Chomwe chimafa kawirikawiri ndi mabolodi a magetsi a m'kati, ndipo popeza palibe akupanganso, zipangizo zimachokera mu ma TV ena akufa. LCD nayo imafa, makamaka timizere ta ma LED ta kumbuyo, mawu n'kumamveka chithunzi osaoneka. Mukaunika ndi tochi pafupi ndi sikirini n'kuona chithunzi chozilala, ndiye kuti vuto ndi limenelo, ndipo timizereto timapezeka komanso timasinthika.

Mukaigula plasmayo, poinyamula muiimike, musaigoneke chafufumimba kapena chagada. Galasi lalikulu lolemera likagona, pakati pake sipakhala chochirikiza, ndipo galimoto ikangogunda dzenje limodzi limatha kung'aluka. Pakhale anthu awiri, bulangete kutsogolo ndi kumbuyo, ndi chingwe choimangira kuti isagwere mbali.