Makina osindikizira alumina patatha chaka: auger ndiyo yandidyera ndalama

Wogulitsa wanditumizira mtengo wa auger yatsopano, chitsulo chozungulira chija chimene chimakankha phala kuti lituluke, ndipo ndalama yake ndi imene yandichititsa kulembanso. Inu amene munandimva ndikuwatama makinawa nditangowagula, imvaninso izi.

Kwa osawadziwa, makinawa amafinya phala la ufa wa alumina (ufa woyera wolimba kwambiri umene umaumbidwa n'kuotchedwa ngati dongo) kudzera pa kabowo kakang'ono n'kumayala mizere yosanjikizana mpaka chinthu chiumbike. Njirayi imatchedwa robocasting, ndipo anaiyambitsa ndi Joseph Cesarano ndi anzake ku Sandia National Laboratories ku America m'zaka za m'ma 1990. Ine ndimaumbira timiphika tosungunuliramo zitsulo ndi tisefa ta mabowo ambiri. Zikauma zimalowa mu ng'anjo mpaka madigiri pafupifupi 1600.

Mamotala sanadwalepo. Pulogalamu yake ili bwino. Zinthu zimanyala pootcha, koma zimanyala mofanana nthawi zonse, ndiye umangokulitsa muyeso pa kompyuta.

Vuto linayamba ndi mtundu. Alumina wabwino amatuluka mu ng'anjo ali woyera mbee, koma timiphika tanga tinayamba kukhala ndi timadontho tofiirira, tina todera. Ufa unali womwewo, madzi oyera, ng'anjo yosesa. Nditamasula mutu wa makina ndinapeza auger itaperepeseka m'mbali monse. Chifukwa chake n'chosabisika: pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa zinthu, alumina ali pa 9, pomwe chitsulo chosachita dzimbiri chili cha m'ma 6. Phala limachinola chitsulocho ngati mpeni pamwala, ndipo tizinyenyeswa timalowa m'katundu. Kufiirako ndi chromium wa m'chitsulomo, yemweyo amene amafiiritsa mwala wa ruby. Pa kam'phika ka kasitomala amene akufuna chitsulo chake chisadetsedwe, dontho limodzi ndiye kuti kam'phika katayika. Komanso auger ikadyeka phala limabwerera m'mbuyo, mizere imatuluka yowonda, makoma n'kung'aluka pouma. Ng'anjo yathunthu ya katundu inapita kudzala, magetsi a usiku wonse nditalipira kale.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi yankho la wogulitsa. Pa chikalata chotsatsira analemba poyera kuti makinawa amatha alumina ndi zirconia (ufa wina wolimba woumbira). Nditadandaula anati auger ndi chipangizo chotha ndi ntchito, sichili pa waranti, ndipo mutuwo anaupangira dongo wamba. Nanga bwanji sananene ndisanalipire?

Panopa ndinaika mutu wa pisitoni wokhala ngati jakisoni, wogula kwina. Madontho anatha. Koma umafuna phala lochotsedwa mpweya bwinobwino, apo ayi kathovu kamodzi kamadula mzere pakati, ndipo ukaima umadonthabe pang'ono. Ng'anjo ikatulutsa tisefa toyera, toongoka, tomwe chikombole sichingaumbe, ndimawakondanso makinawa. Ndikatsegula kaundula wa ndalama, mtima umabwerera mwakale.

Thupi la makina ndi lolimba ndipo ndalama yake ikubwerera pang'onopang'ono. Koma ngati mukufuna kuumba alumina, pa mtengo umene akuuzeni onjezerani wa mutu wina, ndipo wogulitsa alembe papepala kuti auger yake ndi ya chitsulo chanji. Yatsopano ija sindigula, ndipo ndamulembera kuti andibwezere ndalama ya mutu woyamba. Mpaka lero sanayankhe.