Mahedifoni a pakhosi kapena ma earbuds: ndi ati angapirire kuchigwa kuno?

Mukaima patebulo la wogulitsa zipangizo za foni pa Dyeratu, pa Nchalo kapena pa Bangula, mahedifoni opanda chingwe mumawapeza a mitundu iwiri. Oyamba ndi a pakhosi, amene pabokosi amalembapo kuti neckband: kalamba kofewa kamene mumakoleka kumbuyo kwa khosi, timitu tiwiri tolowa m'makutu tikulendewera pa tizingwe tatifupi. Achiwiri ndi ma earbuds, timitu tiwiri tokhatokha togona m'kabokosi kake kotchajira, monga AirPods a Apple, Galaxy Buds a Samsung kapena FreePods a Oraimo. Onsewa amagwira foni pa Bluetooth, ndipo onse amayamba kudukiza mukatalikirana ndi foniyo mamita pafupifupi 10. Ine ndagwiritsapo ntchito mitundu yonse iwiri, ndipo maganizo anga ndi akuti kwa ambirife kuchigwa cha Shire kuno, a pakhosi otchipawo amatithandiza kuposa ma earbuds odula, ngakhale kuti pali malo angapo pamene odulawo amapambana mosakayikitsa.

Nkhani yaikulu ndi moto. Kamutu ka earbud n'kakang'ono, ndiye kabatire kamene kali m'kati mwake n'kakang'ononso. Ambiri amaimba maola 4 mpaka 6, kenako amafuna kubwerera m'kabokosi. AirPods Pro 2, omwe ndi odula zedi, eni ake amati amafika maola 6, ndipo pophatikiza ndi moto wa m'kabokosi amakwana maola 30. Maola 30 ndi ambiri ndithu, koma ndi odukizadukiza: mumamvera, mumavula, mumadikira, mumavalanso. A pakhosi batire lawo limakhala m'kalamba muja momwe muli malo okwanira, n'chifukwa chake ambiri amalembedwa maola 20 kapena kuposerapo pa kutchaja kamodzi. Zolembedwa pabokosi ndimazichepetsako nthawi zonse, makamaka ngati dzina lake ndi lachilendo, komabe ngakhale mutachotsapo maola angapo, mlonda wa pamunda wa nzimbe angathe kuchezera nawo usiku wonse n'kuwatenganso mawa lake asanatchaje.

Kwa munthu wa m'tauni amene soketi ili pamutu pa bedi, kusiyana kumeneku n'kochepa. Kwa ife sikochepa. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ndipo midzi yambiri ya kwa Chapananga, kwa Ngabu kapena kutsidya kwa Shire magetsi sanafikeko n'komwe. Anthu amadalira kasola kapanyumba kapena kulipira pa shopu yotchajitsa. Pamene mukulipira pa chipangizo chilichonse chimene mwasiya pa shopupo, chinthu chofuna moto kamodzi pa masiku angapo chimakusungirani ndalama.

Kutentha nako kuli ndi mbali yake. Mu October ndi November kuno kumapitirira madigiri 40, pamene kampani ya Apple imalangiza kuti zipangizo zake zizigwira ntchito pamalo osapitirira madigiri 35. Mabatire onse a mtundu wa lithium amakalamba msanga akamatenthedwa, kaya ndi a mahedifoni odula kaya otchipa. Koma batire laling'ono likafooka limaonekera msanga. Earbud imene inkatha maola 5 ikayamba kutha maola 2, ndiye kuti ntchito yake yatha, ndipo kutsegula kuti musinthe batirelo n'kovuta chifukwa timitu timeneti anatimata ndi guluu. A pakhosi akafooka ndi theka amakufikitsanibe madzulo. Chimene ndikupemphani n'chakuti, kaya muli ndi ati, musawasiye padashibodi ya galimoto, pawindo kapena pafupi ndi malata masana, ndiponso musawatchaje ali padzuwa pambali pa sola.

Pa thukuta mpamene a pakhosi amandikhumudwitsa. Kalamba kaja kamakhala pakhungu tsiku lonse, ndipo dzuwa likafika paliwombo kamanyowa, kamamata, fumbi n'kukakamira pomwepo. Anthu ena khosi limatuluka nato totupa toyabwa. Ine ndimakapititsa pamwamba pa kolala ya malaya, madzulo n'kukapukuta ndi kansalu konyowa pang'ono. Thukuta limakondanso kulowa pa mabatani ndi pa kabowo kotchajira, choncho onani ngati pabokosi palembedwa IPX4 kapena IPX5. IPX4 ndiye kuti amapirira thukuta ndi madontho a mvula, IPX5 amapirira madzi othira mwamphamvuko, koma onsewa si olowa nawo mumtsinje. Ma earbuds pakhosi sakhudzapo, ndipo masiku otentha kwambiri ufulu umenewo umamveka. Vuto lawo n'lakuti khutu likachita thukuta amaterereka.

Akatererekano ndiye nkhani ina. Ganizirani muli pa kabaza wa njinga yamoto mumsewu wa mabampu, kapena muli m'bwato kuwoloka kuchokera ku Bangula kupita ku Makhanga, kapena mwawerama kudimba mukupalira. Earbud ikagwa pamenepo imapita ngati ndalama yachitsulo yogwera mumchenga, ndipo yotsalayo ndi kabokosi kake zimangokhala zokukumbutsani. Kupeza imodzi yolowa m'malo kuno n'kosatheka. Ngakhale ku Limbe mungavutike. A pakhosi kamutu kakatuluka m'khutu kamangolendewera pachifuwa. Ambiri ali ndi maginito kumbuyo kwa timituto, ndiye kasitomala akafika mumangovula, n'kutigundanitsa, timagwirana tokha. Amayi ogulitsa nsomba kapena tomato amene manja awo ali onyowa safunika kufunafuna kabokosi m'chikwama. Kumene a pakhosi amafera ndi pa tizingwe tija: pamene kachingwe kalowera m'kalamba pamathothoka m'kati, khutu limodzi n'kusiya kulankhula. Musamawapinde n'kuwakankhira m'thumba la thalauza, ndipo ana asamawakoke.

Pa kamvekedwe sindingakunamizeni, ma earbuds enieni a mtengo wapamwamba amaimba bwino. Mawu a woimba amamveka pawokha, gitala pawokha, ng'oma pawokha. A pakhosi otchipa ambiri anawakometsera besi, moti nyimbo za kwaya kapena ulaliki zimamveka ngati zikuchokera m'chipinda china. Odulawo ambiri alinso ndi luso lotsekereza phokoso la kunja, lija amalemba kuti ANC: timaikolofoni take timamva phokoso lozungulira, n'kutulutsa mawu olifafaniza. Limagwira bwino pa phokoso losasintha, monga kulira kwa injini ya minibasi pokwera mapiri kuchokera pa Thabwa kupita ku Blantyre, kapena kwa chigayo ndi jenereta. Wophunzira amene akumvera maphunziro pa foni pamalo aphokoso, kapena wogwira ntchito mu ofesi amene amakhala pa misonkhano ya pa intaneti, ndalama yake pamenepa siipita pachabe. Kungoti luso limeneli limadya batire, ndipo pamsewu n'loopsa. Achimwene a kabaza, chonde, pa M1 pamene pamadutsa mathiraki a nzimbe ndi a shuga, khutu limodzi lizikhala lotsegula. Ndi a pakhosi zimenezi n'zosavuta, kamutu kamodzi kamangolendewera.

Poimba foni, kusiyana sikwakukulu monga mmene mtengo ukusiyanirana. A pakhosi maikolofoni yake ili pafupi ndi kukamwa, ndipo ambiri amanjenjemera pakhosi foni ikamaitana, zimene zimathandiza ngati foniyo ili m'chikwama. Pamphepo, onse amavutika.

Pali kanthu kena kamene ogulitsa satchula kawirikawiri. Mafoni ambiri amagwiritsa ntchito chingwe cha mahedifoni ngati mlongoti wa wailesi ya FM. Mukasamukira ku Bluetooth, mungapeze kuti wailesi ya pafoni yanu ikukana kutseguka, pokhapokha ngati foniyo ili m'gulu la zija zogwira FM popanda chingwe, monga zina za itel ndi Tecno. Ngati nkhani za pa MBC, za pa Zodiak kapena mpira wa Loweruka mumamvera pa FM osati pa bandulo, yesani zimenezi musanataye mahedifoni anu akale achingwe. Kumbali inayi, a pakhosi ena ali ndi polowetsa memori khadi, moti nyimbo zimaimba popanda foni n'komwe, batire la foni n'kutsala la mauthenga ndi Airtel Money kapena Mpamba. Ma earbuds zimenezi alibe.

Za mitengo sinditchula manambala, chifukwa chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wochokera kunja sakhalitsa pa mtengo umodzi. Chimene sichisintha n'chakuti ndalama ya ma earbuds enieni a Apple kapena Samsung ingakugulireni a pakhosi angapo, mwinanso foni yathunthu. Ndipo apa mpamene anthu ambiri akupwetekera: pakati pa mitundu iwiriyi padzaza ma earbuds oyera ofanana ndi AirPods, bokosi lake lokongola, mtengo wake wofanana ndi wa a pakhosi. Amenewo ndi achinyengo, ndipo ndi oipa kuposa mitundu yonse iwiri. Amatenga mavuto onse a ma earbuds, kabatire kochepa ndi kutayika msanga, popanda ubwino wa kamvekedwe. Kawirikawiri khutu limodzi limayamba kufa, kapena awiriwo amasiya kugwirizana. Ngati ndalama yanu ikungokwana amenewo, tengani a pakhosi a dzina lodziwika. A Oraimo, omwe ndi a kampani ya Transsion, yomwenso imapanga Tecno, itel ndi Infinix, amaika pabokosi kachizindikiro kokanda kokhala ndi nambala yotsimikizira kuti katunduyo ndi weniweni. Funsani wogulitsa akuonetseni.

Ma earbuds enieni ndimawasiyira mphunzitsi, namwino kapena kalaliki amene amagwira ntchito pamthunzi, ali ndi magetsi kunyumba ndipo ali ndi pokhazika kabokosi. Wa kumunda, wa pamsika, wa kabaza, msodzi wa ku Elephant Marsh ndi mwana wasukulu, a pakhosi ndiwo awo. Musanapereke ndalama, alumikizeni ku foni yanu pomwepo, mumvere khutu lililonse palokha, muimbire munthu kuti akuuzeni ngati akukumvani bwino, muyende masitepe angapo foni ili patebulo. Onaninso kabowo kotchajira: ngati ndi USB-C ndipo foni yanu ndi ya USB-C, tchaja imodzi ikukwanirani, koma ngati ndi kakale ka micro-USB muziyenda ndi zingwe ziwiri. Pomaliza gwirizanani ndi wogulitsayo masiku obwezera akapezeka ndi vuto, ndipo akulembereni pa lisiti.