New Zealand White kapena Californian: zomwe ubweya wa kalulu umaulula ndi zomwe umabisa

Anzanga oweta akalulu kuno ku Mzuzu, ambiri tikamagula mbewu timathamangira woyera mbee wa maso ofiira, ati ndiye New Zealand White weniweni. Ine ndaweta mitundu yonse iwiri kuseri kwa nyumba ku Chibavi, ndipo ndaona kuti pa ubweya pomwepa ndi pamene timapusitsidwira.

Pa thupi sasiyana kwambiri. New Zealand White wamkazi wokhwima amafika makilogalamu 5, Californian amatsalira pang'ono koma ndi wojintcha, nyama yodzadza kumsana ndi m'ntchafu. Bere ndi la masiku pafupifupi 31 kwa onse, ndipo chisoso, kholowa ndi madeya amadya mosanyinyirika.

Kuyera kwa New Zealand White ndi kwa chialubino. Thupi lake silipanga utoto wa melanin ngakhale pang'ono, ndipo kufiira kwa maso ndi magazi amene akuonekera. Kuyera kumeneku kuli ngati laimu wopaka pakhoma, amakwirira zonse zapansi. Vuto ndi lakuti kalulu wamba wachialubino naye amayera chimodzimodzi. Ine ndinagulapo wamphongo wotere, wogulitsa akuchita kulumbira kuti ndi mtundu weniweni, koma anangopinimbira, madeya anga n'kupita pachabe. Komanso mukakweretsa woyera ndi wakuda wakumudzi, musadabwe ana akatuluka otuwa ngati kalulu wakutchire. Mtundu umenewo unabisala mwa woyerayo.

Californian ndiye amandisangalatsa. Gene yake yopangitsa utoto (gene ndi kachinthu ka m'thupi kochokera kwa makolo) ndi yomweyo imene inafa mwa alubino, koma mwa iye sinafe yonse: imapanga utoto pamalo ozizira okha a thupi. N'chifukwa chake mphuno, makutu, mapazi ndi mchira zimada, thupi lonse n'kukhala loyera. Mphaka wa Siamese ali ndi zizindikiro zomwezi pa chifukwa chomwechi, ndipo ngakhale mbira zina zimatero. Ana amabadwa oyera, ofanana ndi a New Zealand White, kenaka pakapita masabata ochepa mumaona kamphuno kakuyamba kuda ngati kanunkhiza m'phulusa la makala.

Nyengo ya kwathu kuno imachita kuonetsa zimenezi poyera. Mu June ndi July, mawawa akamagwa tsiku lonse, ubweya watsopano wa kumakutu umamera wakuda bii. Pofika October umayamba kufwifwa. Chaka china mwana mmodzi wa Californian anagwera kunja kwa chisa usiku, ndinamupeza m'mawa atazizidwa, ndinamufunditsa m'thumba la jekete mpaka anatsitsimuka. Ubweya wake woyamba unamera wotuwa msana wonse pamene abale ake anali oyera, ndipo unadzayera atasosoka. Kuyambira pamenepo ndikaona ana a Californian akutuwa ndimadziwa kuti khola likulowa mphepo, ndimatchinga ndi masaka. New Zealand White sangakuuzeni zimenezo, amangozizidwa ali woyera.

Ubweya wa Californian umaululanso makolo. Awiri a makutu akuda akakuberekerani mwana woyera thupi lonse mpaka kukula, dziwani kuti onse awiri ali ndi magazi a chialubino, ndipo zimachitika kwa mwana mmodzi mwa anayi. Alubino awiri amabereka alubino okhaokha, kaya ndi a mtundu wabwino kaya ndi achabechabe, ndiye simungadziwe kanthu.

Pano ndimasunga wamphongo wa Californian ndi akazi a New Zealand White, chifukwa akaziwa amabereka ana ambiri ndipo amayamwitsa bwino. Ana awo amatuluka ndi makutu oderako pang'ono, osati akuda bii, ndipo amakula msanga. Akazi oyerawo sindigulanso pamsika ali m'katoni. Ndimapita kukhola komwe anabadwira, ndikanyamule mayi wake ndi manja anga ndimve kulemera.